Imvi pa tsitsi lachilengedwe: hena kapena dayi wa ufa?

Imvi zanga zinayambira pamwamba pa chipumi, pamalo poti ngakhale duku silibisa bwino. Njira zonse ziwiri ndaziyesa, ndiye amayi anzanga, nazi zomwe ndinaona.

Dayi wa ufa, monga Bigen wa kampani ya Hoyu ya ku Japan, sachedwetsa munthu. Mumangosungunula ndi madzi, kupaka, pakatha mphindi 20 kapena 30 mwatsuka, mutu uli bii! Ngakhale imvi zouma zija amazigwira. Vuto lake ndi mankhwala otchedwa PPD. Matupi ena amadana nawo, ndipo chidanicho chimatha kubuka mutadayapo kale kangapo popanda chovuta. Ine ulendo wachinayi makutu anatupa, m'mutu munkayabwa ngati ndagwera m'chitedze, pakhosi kumbuyoku panatuluka timatuza. N'chifukwa chake amati muziyamba mwapaka pang'ono kuseri kwa khutu n'kudikira maola 48. Chonde musamadumphe zimenezi.

Hena ndi masamba opera a kamtengo kotchedwa Lawsonia inermis. Ufa wake ndi wobiriwira, umanunkhira ngati udzu wouma, koma mtundu umene umasiya ndi umodzi wokha, wofiira. Pa tsitsi lakuda sionekera kwenikweni, pomwe imvi zimasanduka ngati tiwaya ta kopa. Ena amakonda zimenezo. Amene mukufuna kuti zide, pamafunikanso ufa wa indigo, masamba opera a chomera china otulutsa utoto wabuluu.

Apa ndiye pali ntchito. Hena mumaikanda ngati phala ndi madzi ofunda ndi mandimu pang'ono, n'kuisiya igone kuti utoto utuluke. Mukapaka mumakulunga mutu ndi jumbo kwa maola atatu kapena anayi. Mukatsuka mpamene mumasungunula indigo n'kupaka nthawi yomweyo, chifukwa mphamvu yake sichedwa kutha, kenako kudikiranso ola kapena awiri. Tsitsi lathu lopotanali limasunga ufa, moti mudzatsuka mpaka manja kutopa. Limaumanso, choncho conditioner ndi mafuta a nsatsi zikhale pafupi. Mukamabwereza mutu wonse mwezi ndi mwezi kupotana kuja kumamasuka pang'ono, ndiye muzipaka kumizu kokha. Dziwaninso kuti hena sichoka, ndipo indigo ikadzakumana ndi bulitchi tsitsi limabiriwira.

Chomwe chimandiwawa ndi timapaketi tolembedwa kuti "black henna". Hena yakuda kulibe. Ikamadetsa tsitsi mu theka la ola, nthawi zambiri muli PPD yemweyo, ndipo munthu amene wathawa dayi amapsa nayo akuganiza kuti wagula masamba. Werengani kuseri kwa paketi musanatulutse ndalama.

Tsitsi limakula pafupifupi sentimita imodzi pamwezi, choncho kaya mwasankha chiti, pakatha milungu inayi imvi zasuzumiranso. Amene thupi lanu limalola PPD ndipo nthawi ndi yochepa, dayi wa ufa akuthandizani. Ine chitupireni makutu sindinamuyandikirenso. Loweruka limodzi pamwezi ndinalipereka kwa hena ndi indigo, ndimakhala pakhonde ndi jumbo kumutu ndikusankha nyemba.