Sabufa yanga patha miyezi ingapo: besi ili bho koma inkang'ung'uza mpaka mutu kuwawa

Alamu anga andifunsa pa WhatsApp ngati angagule sabufa yofanana ndi yangayi, ija ya chibokosi cha besi ndi timasipika tiwiri tam'mbali, ndiye ndati bola ndilembe pano kuti enanso amene akuiganizira amve. Zabwino zake sizovuta kunena. Bluetooth imagwira msanga, flashi imawerenga, FM imamveka bwino ukangoimika kawaya kake, rimoti ikadali moyo ngakhale ana amaigwetsa daily. Besi ndiye musakambe, ma neba amadziwa kuti ndabwera.

Koma nditailumikiza ku TV ndi dikoda pa chingwe chija cha mitu yofiira ndi yoyera, panayambika kulira kwina kwake kuti mmmmmm, kosalekeza, ngati thiransifoma ili pabalaza. Masana sumamva kwambiri chifukwa cha phokoso la panja, koma usiku ukamaonera nkhani voliyumu ili pansi ndi pomwe kamakulowa m'mutu, mayi akunyumba mpaka anati izimitseni tizingomvera sipika ya TV yomweyo, ndalama zonse zija.

Ndinaibweza ku shopu ndili ndi lisiti m'manja. Mnyamata wa pamenepo anangoika flashi, nyimbo kulira bwinobwino, kenako akuti bwana katundu wathu ndi original, vuto ndi magetsi a kwanu, gulani stabilizer tili nayo. Kuti ayeseko ndi TV anakana, akuti alibe nthawi. Ndinabwerera nayo pa minibasi nditaipakata, mtima uli phuu.

Amene anandithandiza ndi bambo wina wokonza mawailesi kumsika kwathu kuno. Anabwera kunyumba, sanatsegule n'komwe chibokosicho. Anazula zingwe zonse kumbuyo n'kusiya cha magetsi chokha, zii. Anabwezera cha TV, kulira kunayamba pang'ono. Atalumikiza waya wochokera ku dishi uja mu dikoda, basi mmmmm yense uja wabwerera. Anandiuza kuti imeneyi ndi ground loop: sabufa inali pa soketi ina, TV ndi dikoda pa soketi ina, dishi nayonso ili ndi njira yake yopita pansi, ndiye timagetsi tochepa timadutsa m'chingwe cha mawu chija ndipo ampu imatikuza limodzi ndi nyimbo. Magetsi athu ndi a 50Hz, kutanthauza kuti amapita uku ndi uku maulendo 50 pa sekondi iliyonse, n'chifukwa chake kulirako kumakhala kwa mawu amodzimodzi okhuthala osasintha. Tinasamutsira zonse pa ekisitenshoni imodzi yabwino, kulira kunachepa ndithu, kenako anandigulitsa kabokosi kakang'ono ka ground loop isolator koika pakati pa chingwe cha mawucho, kuyambira pamenepo kuli zii. Besi ndimaona ngati inatsikako pang'ono, kapena ndi makutu anga, koma sindikudandaula.

Wina kuntchito anandiuza kuti ingodulani waya wa earth mu pulagi zithe. Bambo aja atamva anagwira pakamwa, akuti kulira kutha kusiyadi koma tsiku lomwe china chidzashote mkati, magetsiwo adzadutsa mwa amene wagwira chitsulo. Musayerekeze, makamaka m'nyumba muli ana.

Maphokoso ena ndinawazindikira ndekha. Kuja kwa didit didit didit foni ikatsala pang'ono kulira, ingochotsani foniyo pamwamba pa sipika. Laputopu ikakhala pa chaja chotchipa imabweretsa kakhweru kosongoka, ukazula chaja kamatha. Zimenezo si vuto la sabufa.

Chomwe chandikwiyitsanso mwezi uno ndi batani lozungulira la voliyumu, layamba kukhwekhwereza ukamalipotoza ndipo sipika yakumanzere nthawi zina imaduka mawu. Akuti ndi fumbi, akhoza kupopera mankhwala otsukira zamagetsi, komabe chinthu sichinathe n'chaka chomwe! Ndinaimbira ku shopu kuja, yankho lake walanti inatha bwana, komanso munapatsa munthu wina kuti aigwire. Munthu amene sanamasule ngakhale sikuluwu imodzi.

Ndiye mukandifunsa Loweruka masana nyimbo zikugunda ndinena kuti gulani, mukandifunsa nditangoyang'ana lisiti lija ndinena zina. Chigwereni kwacha ndi 44% mu Novembala 2023 zamagetsi zinakwera mtengo koopsa, kugula ina panopa sindingakwanitse, ndiye iyi ndikhala nayo mpaka idzafe. Pa mtengo wake muwonjezerepo ekisitenshoni, isolator ndi ya mmisiri, chifukwa zonsezo zinatuluka m'thumba mwanga. Mukakagula, muwauze aiyese ndi chingwe cha TV muli pompo, nyimbo atazimitsa, muike khutu pa chibokosi cha besi, ndipo miyezi ya walanti ailembe pa lisiti ndi cholembera. Akakana tulukani, mashopu ndi ambiri mtauni muno. Ine pa shopu ija ngakhale batire la rimoti sindidzagulanso.