Wa ku Lilongwe: ndege ya pa Chileka kapena basi ya pa M1?

Kuchoka pabwalo la ndege la Chileka kukafika pa Kamuzu International Airport ndi makilomita pafupifupi 245 mumlengalenga, ndipo ndege ya Malawi Airlines imatenga mphindi pafupifupi 45. Pamsewu wa M1, kuchoka ku Blantyre kukafika ku Lilongwe kudzera pa Zalewa, Ntcheu ndi Dedza, ndi makilomita opitirira pang'ono 300, ndipo basi yosaimaima imatha maola 4 kapena 5. Ambiri amangoyerekeza nthawi ziwirizi, kuiwala kuti ulendo umayambira pakhomo panu.

Tiwerenge bwino. Chileka ili makilomita pafupifupi 16 kuchokera m'tauni ya Blantyre, ndipo ngati mumakhala ku Limbe kapena ku Bangwe muyenera kudutsa mzinda wonse musanafike pa Kameza. Pabwalo mufike kukadali ola kuti ndege inyamuke. Mukatera, mudikire chikwama, kenako musake takisi, chifukwa bwalo la Kamuzu lili ku Lumbadzi, makilomita pafupifupi 25 kumpoto kwa Lilongwe. Ndiye kuti ndege imakupitirizani mzindawo, inu n'kuyamba kubwerera pagalimoto. Zonsezi mukaphatikiza, mphindi 45 zija zimasanduka maola atatu. Mwapulumutsa ola limodzi kapena awiri, koma pamwamba pa tikiti yodula kale mwalipiranso takisi mbali zonse ziwiri.

N'chifukwa chake ine ndimayamba ndafunsa kuti ku Lilongweko mukupita mbali iti. Ngati ndi ku Kanengo, ku Area 25, ku Capital Hill, kapena mukupitirira ku Dowa ndi ku Kasungu, bwalo la Kamuzu lili mbali yanu yomweyo. Amene ali ndi msonkhano wa m'mawa ku Capital Hill ndipo akufuna kugona kwawo ku Blantyre tsiku lomwelo, ndege imamukomera kwambiri, bola aone kaye nthawi ya yobwerera, poti maulendo a pakati pa mabwalo awiriwa sachuluka pa tsiku. Chimodzimodzinso amene akukakwera ndege ina yopita kunja. Ameneyo asadziike pa chiswe ndi basi, tayala likaphulika pa Ntcheu ndege siidikira.

Koma ngati mukupita ku Area 36, ku Kawale, ku Biwi kapena kumsika waukulu, basi imalowera mbali ya kummwera komweko. Apa ndege ilibe phindu lenileni. Basi imakunyamuliraninso katundu amene pabwalo la ndege akanamuyeza pasikelo n'kukulipiritsani owonjezera, ndipo kwa mayi wa geni amene akupita ndi zikwama zitatu nkhani yagona pamenepo.

Galimoto yanu imakupatsani ufulu woima pa Lizulu kugula mbatatesi ndi kabichi, koma muwerengere mafuta ndi ndalama za pa toll gate ya Chingeni ndi ya Kalinyeke. Chomwe sindingakulimbikitseni ndi kuyenda usiku. Msewuwu ndi wopapatiza, mathiraki ndi ambiri, ndipo m'miyezi ya June ndi July nkhungu ya ku Dedza ndi Bembeke imatseka njira moti simuona galimoto yomwe ili patsogolo panu. Ngati ntchito yanu ku Lilongwe ithera madzulo, kwerani ndege kapena mugone konko mudzanyamuke m'mawa.