Metadata mu gRPC: pamanja, pa interceptor kapena pa call credentials?

Mu gRPC, njira yomwe pulogalamu imaitanira ntchito pa seva, uthenga womwe mumalemba mu fayilo ya .proto si zokhazo zimene seva imafuna. Imafunanso token, chinsinsi chotsimikizira kuti woitanayo ndani, mwinanso nambala yolondolera pempho likamadutsa m'maseva angapo. Zoterezi mu gRPC zimakwera pa metadata, yomwe kwenikweni ndi ma header a HTTP/2, msewu womwe gRPC yakhala ikuyendamo chiitulutsire Google mu 2015. Njira zotumizira zilipo zitatu, ndipo imodzi inandigonetsapo mochedwa.

Ya pamanja njosavuta. Mu Python mumapereka metadata pa stub, kachidutswa ka kodi koitanira seva, pomwe mukuitana, dzina ndi zomwe lanyamula, basi. Mu Go mumaziika mu context, kathumba koyenda ndi pempho, pogwiritsa ntchito AppendToOutgoingContext. Mnzake uja, NewOutgoingContext, musamudalire kwambiri, chifukwa amafafaniza metadata yomwe inalimo kale osakuuzani. Njirayi imakoma pamene header ikufunika pa method imodzi yokha. Malo oitanira akachuluka, tsiku lina wina adzaiwala, ndipo kodiyo siidzadandaula mpaka seva itakana.

Interceptor ili ngati mlonda wa pageti. Mumailemba kamodzi, n'kuimangirira pa channel, msewu wolumikizira pulogalamu yanu ndi seva, ndiye pempho lililonse limadinditsa lisanatuluke. Pa x-request-id kapena dzina la pulogalamu yoitanayo, ine ndimasankha imeneyi. Koma ili ndi msampha. Python ili ndi mitundu inayi ya interceptor ya kasitomala, ndiye kuti mbali yoitana seva: UnaryUnary, UnaryStream, StreamUnary ndi StreamStream. Ine ndinalemba woyamba wokha, ndinayesa, zonse zinayenda, n'kutseka laputopu mtima uli m'malo. Patapita milungu, mnzanga wina anawonjezera method yotumiza mayankho motsatizana, ndipo iyo yokha inkangobweza UNAUTHENTICATED. Tinasintha token, tinaimba mlandu seva, tinafika mpaka pokayikira wotchi ya kompyuta. Chonsecho pempholo linkangolambalala mlonda wanga, poti geti la streaming ndinalisiya pululu. Ku Go nkhani ndi yomweyo, kungoti mageti ndi awiri, WithUnaryInterceptor ndi WithStreamInterceptor.

Kuyambira tsiku limenelo token ndimaipatsa call credentials, njira ya gRPC yomata token pa pempho lililonse. Mu Python ndi metadata_call_credentials, yomwe mumaiphatikiza ndi ya TLS, yobisa uthenga panjira, kudzera pa composite_channel_credentials. Mu Go ndi PerRPCCredentials. Ubwino wake ngwakuti siisankha mtundu wa pempho, ndipo gRPC imaifunsa nthawi iliyonse ikamaitana, kotero token ikatha mphamvu muli ndi malo amodzi otengerapo yatsopano. Chomwe chimatopetsa n'chakuti mu Python imafuna channel yotetezedwa. Mukamayesa pa makina anu ndi insecure_channel, musayembekeze kuti token ifika. Poyamba zimanyansa, koma cholinga chake n'chakuti chinsinsi chisayende poyera. Go imakupatsani mpata wozimitsa lamuloli pa RequireTransportSecurity, ndipo mpata wotere suchedwa kutsalira mu kodi yomwe yapita kwa makasitomala.

Njira iliyonse mungatenge, malamulo a mayina sasintha. Lembani ndi zilembo zazing'ono, chifukwa Python imakana dzina ngati Authorization lokhala ndi A wamkulu. Musayambe ndi grpc-, mayina amenewo ndi a eni ake. Ngati mukutumiza ma byte osati mawu, dzinalo lithere ndi -bin kuti gRPC iwasandutse base64 panjira. Kukulanso kuli ndi malire: seva ya Java imalola ma byte 8192 okha a metadata mukapanda kusintha, ndiye token yonenepa ingathe kugwetsa pempho lisanafike n'komwe pa kodi yanu.

Pali chinanso chomwe chimapusitsa a Go. Metadata yomwe seva yalandira siipita yokha kwa seva yotsatira, ngakhale mutagwiritsa ntchito context yomweyo. Muyenera kuiwerenga ndi FromIncomingContext n'kuiikanso pa yotuluka, ndipo ntchito imeneyinso ine ndimaisiyira interceptor.