Kufomata, RAM, SSD kapena kungochotsa fumbi: za kompyuta yomafiriza masana kuno ku chigwa

Kompyuta yoti yaferatu bola, umadziwa chimodzi. Koma iyi yomati m'mawa ikuthamanga bwinobwino kenako cha m'ma 1 koloko dzuwa likuswa mtengo yayamba kukoka miyendo, mouse ikudumphadumpha, Word wayera ngati wakomoka, pakangotha mphindi zingapo yabwereranso ngati palibe chachitika, imeneyi nde imadya ndalama za anthu. Ine ndili ndi kashopu kotaipa ndi kupirinta pa Ngabu, ndipo Dell OptiPlex yanga, Core i5, RAM 4GB, hard disk ya 500GB, yakaunjika yomwe ndinakagula ku Blantyre, inandizunza chonchi nyengo yonse yotentha. Njira zinayi zomwe anthu amalangiza ndinaziyesa zonse, ndipo ndinayambira kolakwika.

Kufomata, kufufuta zonse n'kuikamo Windows watsopano, ndi komwe aliyense amathamangira. Mnyamata wina wokonza makompyuta anangoyang'ana n'kuti "bwana awa ndi mavairasi, tiifomate basi", ndipo anaifomata kawiri konse. Maulendo onse awiri ankabwera m'mawa kukadali kozizira, nde akamamaliza makina akuuluka, ine n'kulipira mosangalala, mawa lake masana matenda aja abwereranso. Sikuti kufomata n'kopanda ntchito ayi. Ngati mumalandira maflashi a makasitomala ngati ine ndipo mafoda onse asanduka mashortcut, kapena muli ndi ma antivirus awiri omwe akulimbirana fayilo iliyonse, Windows watsopano amathandiza ndithu. Koma mtengo wake si wa mnyamatayo yekha, pali kusaka madiraiva a printer, pali ma CV a anthu omwe munaiwala kukopa, komanso Windows Update imayambiranso pachiyambi kudya bundle ndipo ikamatsitsa zinthu zakezo kompyuta imalemera kuposa kale. Ndipo poti Microsoft inasiya kusamalira Windows 10 pa 14 Okutobala 2025, pomwe Windows 11 imafuna kachipangizo ka chitetezo kotchedwa TPM 2.0 ndi purosesa ya Intel ya 8th generation kupita m'tsogolo, makina akale ngati angawa kufomatako n'kungobwerera m'nyumba yomweyo yakale.

Chomwe ndikanachita poyamba ndi chaulere. Ikangoyamba kukoka, nthawi yomweyo osati ikachira, dinani Ctrl, Shift ndi Esc pamodzi, Task Manager atseguke, mupite pa Performance n'kuona CPU (purosesa, ubongo wa kompyuta), Memory ndi Disk. Mmodzi mwa atatuwa amakhala kuti wagwidwa. Memory ikakhala yadzadza pafupifupi yonse, nkhani ndi RAM. Disk ikamata pa 100% chonsecho simukukopa kanthu, nkhani ndi hard disk, kapena RAM yachepa nde Windows akubwereka malo pa disk. Koma pa CPU musangoona peresenti, onani pomwe palembedwa Speed. Yanga imayenera kumayenda cha m'ma 3 GHz, koma ikakomoka inkatsika kufika pansi pa 1 GHz kumachita kulozeka, ndipo apo mpomwe ndinayamba kukayikira kutentha.

RAM ndi SSD anthu amazitchula ngati mapasa koma zimachiza matenda osiyana. RAM ili ngati tebulo lomwe ukugwirirapo ntchito, likachepa umangonyamula mapepala kupita nawo mukabati n'kukatenganso, nde kwa munthu wotsegula ma tab ambirimbiri pa Chrome, WhatsApp Web uku, Excel uku, kuchoka pa 4GB kufika 8GB kumamveka. Ine ndinaonjezera, Chrome anapepuka, koma kukomoka kwa masana kuja sikunasunthe ngakhale pang'ono. Komanso samalani pogula, RAM ya DDR3 ndi ya DDR4 sizilowerana, kampata ka pansi pake kali malo osiyana, ndipo kukwera phiri la Thabwa ulendo wa ku Blantyre n'kubwerako ndi RAM yosalowa zimawawa, bola muzule yakaleyo mupite nayo m'thumba. Windows wa 32-bit nayenso satha kugwiritsa ntchito RAM yopitirira 4GB olo muike yochuluka bwanji.

SSD, yosungira mafayilo m'malo mwa hard disk, nde ndi nkhani ina. Pa zinthu zogula ndi ndalama, iyi ndi yomwe ndingamuuze m'bale wanga kuti ayambe nayo. Hard disk yakale ija mkati muli mbale yozungulira maulendo 7200 pa mphindi ndi kankono kothamanga uku ndi uku kusaka fayilo, ikathamanga kwambiri mwina 150MB pa sekondi, pomwe SSD ya SATA imafika cha m'ma 500MB ndipo ilibe chozungulira chilichonse, nde timafayilo ting'onoting'ono tomwe Windows amawerenga nthawi zonse imatipeza pompopompo. Koma chachikulu si liwirolo. Hard disk ikayamba kukalamba pamakhala timalo tina toonongeka, ikafika pamenepo imayesa kuwerenga kachiwiri, kachitatu, kachinayi, ndipo nthawi yonseyo kompyuta yangoti zii kudikira, ikadutsapo zonse n'kubwerera m'malo. Ndi chifukwa chake matendawa amabwera mwa apo ndi apo. Kapulogalamu kaulere ka CrystalDiskInfo kamakuuzani, kakalemba Good mu buluu muli bwino, kakalemba Caution mu yelo kopani mafayilo anu lero lomwe osati mawa. Yanga inali yelo, ndipo sindinadabwe poona mmene magetsi amathimira disk ili pakati polemba. Nditaika SSD ya 256GB kuyatsa kunasiya kukhala kotsegula shopu, kusesa, kuthira madzi pakhomo n'kubwera kudzapeza ikadazungulira. Kufiriza kwa timasekondi kuja kunatheratu. Koma 1 koloko ikakwana, kukoka miyendo kuli pomwepo.

Nde tifike pa fumbi, njira yotchipa kuposa zonse yomwe ndinamalizira m'malo moyambira. Anzathu a ku Dedza kapena Mzuzu akamalangiza za makompyuta saiganizira kwenikweni nkhaniyi, koma kuno mu Okutobala ndi Novembala kunja kumadutsa madigiri 40, nanga m'kashopu ka malata kopanda siling'i? Purosesa ya Intel ikamayandikira madigiri 100 imadzichepetsa yokha liwiro kuti isapse, ikazizirako n'kuyambiranso kuthamanga, ndipo kwa iwe wokhala pampando zimangooneka ngati ufiti. Ndinaika Core Temp, kaulerenso, ndipo masana manambala ake anali m'ma 90 ndikungotaipa kalata wamba.

Nditazula mawaya n'kutsegula chitseko cha m'mbali ndinachita manyazi. Pakati pa fani ndi tizitsulo ta heatsink, chitsulo choziziritsa purosesa, panali chifumbi chogwirana ngati bulangete, chofiirira, chosakanikirana ndi tithonje, moti ndinachita kuchisenda ndi chala chonse n'kutuluka chathunthu. Ukonde wa akangaude pakona, ndipo pafupi ndi power supply nalimata wouma gwaa, kaya analowa liti. Choonjezera, mayi a kunyumba anandisokera kansalu ka chitenje kovindikira makinawo kuopa fumbi lomwelo, ine n'kumakasiya pomwepo kompyuta ikuyaka, timabowo tonse topumira titatsekeka. Ndinabwereka blower, n'kutulutsa bokosilo panja, ndipo apa chonde gwirani fani ndi kamtengo isazungulire mukamapopa chifukwa ikazungulira mopenga imaonongeka. Kenako ndinamasula heatsink, thermal paste yakale, phala lopaka pakati pa purosesa ndi heatsink kuti kutentha kuzidutsa, inali itauma ngati mkute wa dzana, ndinaipukuta bwinobwino n'kudontheza yatsopano kadontho kamodzi ngati njere ya nandolo pakati, basi, osapaka ngati majarini pa buledi. Ndipo zoti mankhwala otsukira mano amagwira ntchito yomweyo zisiyeni, amauma masiku ochepa n'kukusiyani pamavuto oposa oyamba.

Bokosilo ndinalichotsanso pansi pomwe linkameza fumbi lonse la m'njira, n'kuliika pa tebulo motalikirana ndi khoma, ndipo fani ya mushopu yomwe inkandipepesa ine ndekha pano timagawana. Kutentha kunatsikira m'ma 60, Speed ija inasiya kugwa, ndipo Novembala yense ndinataipa mpaka madzulo osamva kasitomala akufunsa kuti "achimwene, yafanso?"

Ndikaziika pambali ndi pambali, kufomata kunandidyera ndalama kawiri osachiza kanthu, RAM inathandiza Chrome yekha, SSD inachiza theka la matenda ndipo ndi yomwe imamveka tsiku lililonse, koma theka linalo linachira ndi kachubu ka paste ndi blower yobwereka. Wina wa ku Nchalo kapena Bangula akhoza kupeza kuti kwake zatembenuka, mwina Memory ndi yomwe yadzadza, mwinanso ndi Antimalware Service Executable, yemwe ndi Defender wa Windows yemweyo, wangoyamba sikani yake pa nthawi yolakwika ndipo akamaliza zonse zimakhala bwino popanda kugula kanthu.

Koma ikakhala kuti siikungochedwa, ikuzima yokha kapena kudziyambiranso makamaka madzulo mababu akamachita kuphethira, amenewo ndi matenda ena, yang'anani power supply ndi magetsi olowa. Ine UPS, kabokosi ka batire kosunga kompyuta magetsi akathima, sindinagulebe, ndikudikira anthu agulitse thonje abwere kudzapirinta.