Sukulu za mmera mpoyamba za m'midzi: ntchito ya alezi ongodzipereka ndi thandizo limene boma limapereka

Kholo la kumudzi limene lili ndi mwana wa zaka zitatu kufikira zisanu silikhala ndi sukulu zambiri zoti lisankhepo, chifukwa sukulu za mkaka zolipira zimene zadzaza m'matauni sizifika kutali ndi msewu wa tala, ndipo ngakhale zitafika, fizi yake mlimi wodalira chimanga ndi mtedza sangaikwanitse. Chimene chilipo ndi sukulu ya mmera mpoyamba ya m'mudzi, imene a boma ndi mabungwe amaitchula mwachidule kuti CBCC, pamene ife ambiri timangoti kumkombaphala. Ndikulemba monga kholo limene ana ake adadutsa pasukulu yotere, komanso monga munthu amene wakhalapo m'komiti ya makolo. Ndinene poyambirira pomwe kuti sukuluzi n'zoyenera kutumizako mwana, koma ubwino wake umadalira kwambiri anthu amene salandira malipiro, ndipo thandizo la boma silinafikebe pamene pali vuto lenileni.

Kayendetsedwe kake n'kosiyana ndi ka sukulu ya pulayimale. Mudzi ndiwo umapeza malo, nthawi zambiri kudzera mwa amfumu, mudzi ndiwo umaumba njerwa kapena kumanga chisakasa, ndipo mudzi womwewo umasankha alezi ndi komiti yoyang'anira. Makolo amasonkha chimanga, soya, mtedza, nkhuni ndi kandalama kogulira shuga, mchere ndi sopo, ndipo amayi amasinthana masiku ophika phala. Mbali ya boma, kudzera ku unduna woona za jenda, ana ndi chisamaliro cha anthu, ndi kukhazikitsa malamulo, kukonza mabuku otsogolera alezi, kulemba sukuluzi m'kaundula kudzera ku maofesi a Social Welfare a m'maboma, ndiponso kukonza maphunziro a alezi mogwirizana ndi mabungwe monga AECDM, bungwe lolimbikitsa maphunziro a mmera mpoyamba m'dziko muno. Sukulu zamtunduwu zidayamba kuyesedwa cha kumapeto kwa zaka za m'ma 1980 mothandizidwa ndi UNICEF, zidafalikira kwambiri m'zaka za m'ma 1990 pamene Edzi idasiya ana amasiye ambiri m'manja mwa agogo, ndipo mu 2003 dziko lino lidakhala ndi ndondomeko yake yoyamba ya mmera mpoyamba. Ndondomekoyo idalembedwa bwino, ndipo munthu akaiwerenga amaona kuti amene adaikonza ankamudziwa mwana wa ku Malawi.

Pamene sukulu ikuyenda bwino, phindu lake limaoneka msanga. Ana amafika m'mawa, amayamba ndi pemphero ndi nyimbo, kenaka amagawidwa m'timagulu, ena kuumba ng'ombe ndi miphika ya dongo, ena kuwerenga timiyala, njere za bwemba ndi zitsekerero za mabotolo, ena kumvetsera nthano. Mlezi wophunzitsidwa bwino safuna zidole za m'sitolo, chifukwa mpira wa mapepala a pulasitiki, galimoto ya mawaya ndi zidole za nsanza zimagwira ntchito yomweyo. Mwana amene wakhala kumeneko amafika mu Sitandade 1 ali ndi zaka zisanu ndi chimodzi akudziwa kugwira pensulo, kudikira nthawi yake yolankhula, kupempha chilolezo chopita kuchimbudzi, ndiponso kukhala pakati pa anzake osalirira mayi ake. Izi zingaoneke zazing'ono, koma aliyense amene adaonapo kalasi ya Sitandade 1 ya ana oposa zana limodzi, monga zakhalira m'sukulu zambiri chiyambire maphunziro aulere a pulayimale mu 1994, akudziwa kuti mphunzitsi mmodzi alibe mpata wophunzitsa mwana aliyense zinthu zimenezi payekhapayekha. Pali phindu linanso limene silitchulidwa kawirikawiri, lakuti mayi amapita kumunda kapena kumsika mtima uli m'malo, ndipo mtsikana wa Sitandade 4 sajombanso kusukulu kuti alere mng'ono wake. Alangizi a zaumoyo nawonso amapezerapo mwayi, chifukwa ana akasonkhana malo amodzi n'kosavuta kuwayeza sikelo, kuwapatsa vitamini A ndi mankhwala a njoka za m'mimba.

Nkhani ya phala ndiyo imaonetsa ngati sukulu ili moyo kapena ayi. Kafukufuku wa boma wa zaumoyo wa 2015 mpaka 2016 adapeza kuti ana 37 mwa ana 100 alionse osafika zaka zisanu anali opinimbira, ndipo kwa mabanja ambiri kapu ya phala ya kusukulu ndicho chakudya choyamba cha mwana patsikulo. Kuyambira nthawi yokolola mpaka cha mu Okutobala makolo amasonkha mosavuta, ana amachuluka, ndipo alezi amakhala osangalala. Ikafika Januwale ndi Febuluwale, nkhokwe zili mbee, kusonkha kumaima, moto suyakanso kukhitchini, ndipo ana amayamba kuchepa mpaka sukulu imatseka popanda wina kulengeza kuti yatsekedwa. Choncho sukulu imasowa m'miyezi yomwe mwana akuifuna koposa. Kumene kuli bungwe logawa Likuni phala, monga Mary's Meals imene idayamba ntchito yake m'dziko muno mu 2002, vutoli limachepa, koma mabungwewa safika paliponse. Njira imene ndaona kuti imakhalitsa ndi munda wa sukulu. Kafukufuku amene adachitika m'sukulu 60 za m'boma la Zomba, ndi bungwe la Save the Children pamodzi ndi akatswiri a IFPRI, bungwe lofufuza za chakudya ndi ulimi, adaonetsa kuti makolo akapatsidwa mbewu ndi kuphunzitsidwa kalimidwe ndi kaphikidwe ka zakudya zakasinthasintha, ana amadya bwino kusukulu ndi kunyumba komwe, ndipo ngakhale azing'ono awo amene sanayambe sukulu amapindula. Boma lili ndi alangizi a zaulimi m'dziko lonse, ndipo sindiona chifukwa chimene munda wa CBCC sungakhalire pa mndandanda wa minda imene mlangizi ayenera kuiyendera, kapena kupatsidwa mbewu ndi feteleza monga mmene mabanja amapatsidwira.

Koma nkhani yaikulu ndi ya alezi. Ambiri mwa iwo ndi amayi a m'mudzi momwemo, ena adalekeza sukulu ku pulayimale, ena adafika Fomu 2 kapena Fomu 4, ndipo amapereka m'mawa wonse kwa ana a anzawo, nthawi imene anzawowo ali kudimba, kuganyu kapena kugeni. Maphunziro oyambirira amene mlezi amayenera kulandira ndi a pafupifupi milungu iwiri, ndipo alezi ambiri akugwira ntchito asanalandire ngakhale amenewo. Pamene mlezi sanaphunzitsidwe, amachita zimene akukumbukira kuchokera ku pulayimale, ndiko kuimika ana pamzere ndi kuwabwerezetsa zilembo za Chingerezi, masiku a pamlungu ndi miyezi ya pachaka mpaka mawu asase. Pano ife makolo tili ndi mlandu wathu, chifukwa timakondwa mwana akamatchula mawu a Chingerezi amene sakuwamvetsa, ndipo timadandaula tikamva kuti watha m'mawa wonse akusewera ndi dongo, chonsecho masewerawo ndiwo maphunziro oyenera msinkhu wake. Mlezi wophunzitsidwa amatha kufotokozera makolo zimenezi molimba mtima, pamene wosaphunzitsidwa amangotsatira zofuna zawo.

Vuto n'lakuti amene waphunzitsidwa sakhalitsa. Pasukulu yathu, mayi amene ankaidziwa bwino ntchito adachoka atapeza ganyu yolipidwa pamwezi, ndipo palibe amene akanamudzudzula, popeza nayenso ali ndi ana ofuna sopo, yunifolomu ndi ndiwo. Luso lake lidapita naye, ndipo wolowa m'malo mwake adayambira pansi. Zimenezi si za mudzi umodzi. Akatswiri amene ankakonzekera kafukufuku wa Banki Yaikulu ya Dziko Lonse m'maboma a Balaka, Thyolo, Dedza ndi Nkhata Bay adapeza kuti pafupifupi theka la sukulu zimene zinali m'kaundula sizinkagwira ntchito pa nthawi imene adaziyendera. Kafukufuku yemweyo, amene adachitika m'sukulu 199, adaonetsa kuti ana adapindula m'kalankhulidwe ndi m'khalidwe pamene alezi adaphunzitsidwa ndipo makolo nawonso adalandira uphungu wa kaleredwe, ngakhale kuti phindulo silidaonekenso ana atalowa ku pulayimale. Kwa ine izi zikusonyeza kuti maphunziro a kamodzi sakwanira, ndipo kuphunzitsa mlezi popanda kumuthandiza kuti akhalebe pantchito kuli ngati kutunga madzi ndi dengu.

Kunena zoona, boma silinakhale chete. M'zaka zaposachedwapa lidayamba kupereka kangachepe ka pamwezi kwa alezi ena amene ali ndi satifiketi, ndipo ichi ndi chiyambi choyenera kuyamikiridwa chifukwa chikuvomereza kuti kulera ana a mudzi wonse ndi ntchito. Komabe olandirawo ndi ochepa kwambiri poyerekeza ndi alezi onse, ndalamayo ndi yochepa, ndipo mphamvu yake idacheperachepera kwacha itagwetsedwa ndi 25 peresenti mu Meyi 2022 ndi 44 peresenti mu Novembala 2023. Pamene mlezi mmodzi akulandira ndipo anzake a pasukulu yomweyo sakulandira, pamabuka kusamvana kumene komiti imavutika kukuthetsa. Padabweranso pulojekiti ya Investing in Early Years, ya ndalama zokwana madola 60 miliyoni, imene Banki Yaikulu ya Dziko Lonse idavomereza mu 2018 kuti igwire ntchito m'maboma 13, ndipo yathandiza pa zomangamanga, maphunziro a alezi ndi kadyedwe. Zimene pulojekiti yotere imamanga zimaoneka, koma pulojekiti ili ndi tsiku lotha, pamene ana amabadwa chaka chilichonse.

Dziko lino lili kale ndi chitsanzo cha mmene ntchito ya m'mudzi ingalimbitsidwire. Alangizi a zaumoyo amene lero timawadalira pa katemera ndi sikelo adayamba ngati antchito osakhazikika othandiza pa miliri ya nthomba ndi kolera, koma boma litawaika pa malipiro ndi kuwapatsa maphunziro ndi owayang'anira, adakhala msana wa zaumoyo kumudzi. Sindikunena kuti alezi onse alembedwe ntchito m'boma chaka chimodzi, chifukwa thumba la dziko silingathe, koma n'zotheka kuyamba ndi mlezi wamkulu mmodzi pasukulu iliyonse yolembedwa m'kaundula, wolandira malipiro odalirika, amene angamatsogolere anzake ongodzipereka. Ndondomeko ya boma yophunzitsa achinyamata luso la ntchito ya National Youth Service, imene idakhazikitsidwa ku Neno mu 2022, ingathandizenso, achinyamata a MSCE amene ali pakhomo atamaphunzitsidwa za mmera mpoyamba ndi kutumizidwa m'midzi yawo yomwe kwa chaka chimodzi kapena ziwiri ndi alawansi yokwanira.

Za nyumba sindichulutsa mawu. Sukulu zina zili ndi chipinda cha malata, khitchini ndi zimbudzi za msinkhu wa ana, zina zimabwereka tchalitchi, ndipo zina zili pansi pa mtengo kapena m'chisakasa chimene chimadontha mvula ikagwa. M'chigawo cha kummwera zambiri zidaonongeka ndi namondwe wa Freddy mu Malichi 2023. Chipinda chokongola n'chabwino, koma ndaona ana akuphunzira bwino m'chisakasa chifukwa mlezi wake anali waluso.

Kholo limene likufuna kulembetsa mwana lipite lokha m'mawa wa tsiku wamba, osati tsiku limene kukubwera alendo. Lione ngati pali chimbudzi chimene mwana wamng'ono angagwiritse ntchito mosaopa, ngati pali mpondagiya kapena chidebe cha madzi ndi sopo, ndiponso ngati madzi akumwa amachokera pamjigo. Lifunse kuti ndi alezi angati amene adapita ku maphunziro ndipo akhala pasukulupo kwa nthawi yaitali bwanji, lione ngati ana akusewera m'timagulu kapena akungobwereza mawu, ndipo lipemphe kuona kaundula wa ana wa miyezi ya Januwale ndi Febuluwale pamodzi ndi buku limene komiti imalembamo zosonkha. Likakhutira ndi kulembetsa mwana, likonzekerenso kupereka gawo lake la chimanga, kulowa m'munda wa sukulu pa tsiku lake, ndi kufika kumisonkhano ya komiti kumene nkhani ya sopo wa alezi imakambidwa.