Modron kapena warforged: kusiyana maganizo kwa osewera a ku Luchenza

Pakati pa anzanga amene timasewera nawo Dungeons & Dragons ku Luchenza, masewera a patebulo omwe Gary Gygax ndi Dave Arneson anawatulutsa mu 1974, sitigwirizana pa zolengedwa ziwiri zopangidwa ngati makina.

Modron, yemwe anaonekera koyamba mu 1983, amachokera kudziko la Mechanus lomwe ndi magudumu a mano akuluakulu ozungulira mosalekeza, ndipo amamvera wamkulu wake popanda kufunsa chifukwa, mpaka kukafika kwa Primus, mtsogoleri wa ma modron onse. Wamng'ono kwambiri mwa iwo amatha kugwira ntchito imodzi yokha pa nthawi imodzi. Okonda modron amati iye ndi woseketsa komanso woopsa, ndipo mmodzi wa ife, yemwe bambo ake ankakonza makina m'fakitale ya tiyi kuno ku Thyolo, amati phokoso lake amalimva m'mutu woyendetsa masewera akangomutchula. Otsutsa amati cholengedwa chosaganiza sichikhalitsa m'nkhani.

Warforged anabwera m'masewerawa ndi dziko longopeka la Eberron mu 2004. Anapangidwa ndi chitsulo, mtengo ndi mwala kuti amenye nkhondo, koma nkhondoyo itatha anatsala ndi maganizo ake, wopanda kwawo ndiponso wopanda ntchito. Apa ndiye pagona kukoma kwake, chifukwa wosewera akhoza kumutenga n'kukhala iyeyo, kufunafuna dzina ndi malo pakati pa anthu omuopa. Ena amadandaula kuti warforged alibe magudumu a mano m'kati mwake ngati a wotchi, ndipo sakunama.

Ine ndikamayendetsa masewera ndimaika modron kukhala mlonda wa pachipata, pamene warforged ndimamusiyira osewera.