Opinel No. 8 Carbone: wakuthwa zedi, koma sagwirizana ndi chiperoni

Kwa amene amatolera mipeni yam'thumba kuno ku Mulanje ndi ku Thyolo, Opinel No. 8 ndi mpeni woyenera kukhala nawo. Koma wina akakuuzani kuti mungougula n'kuuponya m'thumba basi, ameneyo sanaugwiritsepo ntchito mu June kapena July, chiperoni chikakuta phiri masiku angapo osakanganuka.

Umapangidwa ku Chambéry m'dziko la France, ndipo Joseph Opinel anayamba kupanga mipeni yotereyi mu 1890. Uli ndi zigawo zisanu zokha: chitsulo chodulira, chigumbu cha mtengo wa beech, kolala yachitsulo yomwe imagwira mutu wa chigumbu, msomali womwe chitsulo chimazungulirapo, ndi mphete yokhomera yomwe eni ake amaitcha Virobloc. Mpheteyi inabwera mu 1955. Mulibe sipuling'i. Chitsulo chodulira ndi chotalika masentimita 8.5, ndipo mpeni wonse umalemera pafupifupi magalamu 45, moti m'thumba la buluku suumveka n'komwe.

Ubwino wake waukulu ndi kupyapyala kwa chitsulo, chomwe kumsana sichifika mamilimita awiri. N'chifukwa chake umalowa mu peyala, mu anyezi kapena mu nsomba youma popanda kung'amba, ndipo kumtengo wauwisi umasema bwino kwambiri, kaya mukusongola zikhomo za tenti ku Lichenya paphiri la Mulanje kapena mukumezanitsa mbande za mango ndi mapeyala. Chitsulo cha mtundu wa Carbone, chomwe ndi chitsulo cha kaboni chotchedwa XC90, osati stainless, chimanoleka msanga. Nyowetsani mwala wosalala, gonekani mpeni, kwezani msana pafupifupi mamilimita 5 kapena 6 kuchoka pamwalapo, zomwe zimapereka madigiri pafupifupi 20. Nolani mbali imodzi mpaka chala chimve kachitsulo kopindikira mbali inayo kuyambira kutsinde mpaka kunsonga, kenako tembenuzani. Pomaliza kokerani pa lamba wachikopa, msana ukutsogola, kuti kachitsulo kaja kachoke. Musapite nawo kwa onola zikwanje ndi makasu pa gilayinda. Chitsulo chopyapyala chonchi chimatentha nthawi yomweyo, nsonga imasanduka yabuluu, ndipo pamene pasanduka mtundu pamakhala patafewa, sipadzasunganso kuthwa.

Vuto lenileni kuno kwathu ndi chigumbu. Mtengo wa beech umamwa chinyezi. Pamutu, pomwe chitsulo chimazungulira, mtengo unang'ambidwa pakati ndipo unamangidwa ndi kolala, choncho ukafufuma ulibe kothawira kunja, umangofinya chitsulo. Mpeni womwe umatseguka ndi chikhadabo mu October, mu July umakana ngakhale mutaukoka ndi zala ziwiri. Sufunika kugwera m'madzi kuti uchite zimenezi. Nkhungu ya pa Chambe pamwamba pa phirili, thukuta la m'thumba pokwera kuchokera ku Likhubula m'tsinde mwake, kapena kungoutsuka pampopi n'kuupinda usanaume, zonsezi zimakwanira.

Ukakana muli kutchire, onetsetsani kuti mphete ndi yomasula, gwirani mpeniwo kumutu, ndipo menyetsani chidendene cha chigumbu pamtengo kapena pachidendene cha nsapato. Nsonga imatulukako pang'ono n'kupeza pogwira. Osaukanula ndi mpeni wina, mudzangobenthula yonse iwiri.

Mankhwala okhalitsa ndi awa, ndipo ndi bwino kuwachita mpeni ukadali watsopano. Uyanikeni wotsegula padzuwa masiku awiri kapena atatu mpaka chitsulo chizizungulira mopepuka. Pafupi ndi mbaula ayi, mtengo umachita ming'alu. Pindani sandipepa wosalala, wa nambala 220 kapena kupitirira, mumupititse mumpata momwe chitsulo chimagona, kangapo chabe, chifukwa mukachotsa mtengo wambiri mpeni udzayamba kugwedera nyengo yotentha. Mukatero sungunulani phula la njuchi, lilowetseni mumpatamo ndi pamutu pozungulira msomali, tsegulani ndi kutseka lidakali lofunda, n'kupukuta lotsalalo. Ngati phula palibe, Vaseline amagwira ntchito, kungoti amafuna kubwereza pafupipafupi. Kumapeto kwa chigumbu, komwe mitsempha ya mtengo imaonekera, nakonso kupakeni, poti madzi amalowera kwambiri kumeneko. Mafuta ophikira musathire pamsomali: akakhalitsa amanata, amanunkha, ndipo amakola fumbi.

Chachiwiri ndi dzimbiri. Dulani chinanazi cha pa Chitakale ndi Carbone watsopano, muona chitsulo chikuda musanamalize kusenda, ndipo zidutswa zoyamba zimamveka kachitsulo mkamwa. Kuda kumeneku, kotuwira kapena kobiriwira pang'ono, si vuto. Kumathandiza kuteteza chitsulo, ndipo kukakhazikika kafungo kaja kamachepa. Ena amakufulumizitsa dala pokulunga chitsulo m'kansalu koviika mu viniga kwa theka la ola, n'kutsuka, kuumitsa ndi kupaka mafuta. Choopsa ndi dzimbiri lofiira, lomwe limakumba timaenje. Limakonda kuyambira kutsinde, pansi pa kolala, pomwe madzi a zipatso amabisala. Likangooneka lichotseni ndi sitiluwulu ndi kadontho ka mafuta. Mafuta abwino a chitsulo chodulira zakudya ndi liquid paraffin wa ku famase, osati parafini wa nyali.

Amene sakufuna ntchito yonseyi agule Opinel wolembedwa Inox, wa chitsulo cha stainless. Sachita dzimbiri msanga ndipo amadulanso bwino, koma chigumbu chake ndi chomwecho, chimafufuma chimodzimodzi.

Mphete yokhomera ndi yodalirika mukaipotoza mpaka ilimbe. Pa mipeni yatsopano imakhomanso mpeni uli wopinda, kuti usatsegukire m'thumba. Koma musaiwale kuipotoza mukatsegula, chifukwa popanda sipuling'i palibe china chogwira chitsulo, ndipo mukaboola chinthu ndi nsonga chimapindikira pa zala.

Anthu ambiri amafunsa ngati umaposa Okapi, yemwe abale amabwera naye kuchokera ku Johannesburg. Okapi anayambira ku Solingen m'dziko la Germany mu 1902 ndipo pano amapangidwa ku South Africa. Ali ndi sipuling'i kumsana, ndipo mtundu wake wokhala ndi mphete yokokera kumsana umakhoma wokha ukautsegula. Chinyezi sichimuvutitsa kwambiri potsegula, ndipo amapirira nkhanza. Koma nthawi zambiri amabwera wosanoleka mokwanira, chitsulo chake ndi chofewerapo, ndipo amabuntha msanga. Pa nzimbe, chingwe cha sisalo ndi ntchito za kumunda, Okapi ndi wabwino. Pa kudula kosalala, Opinel ali patsogolo kutali. Nzimbe makamaka musamazipotokole ndi Opinel: nsonga imathyoka ndipo msomali umamasuka.

Si mpeni wa alenje. Kusenda mbuzi ungathe, koma magazi ndi mafuta zimalowa mumpata wa chigumbu momwe simungatsuke bwino. Pa ntchito imeneyo ndi bwino mpeni wosapinda wokhala ndi chimake, monga Mora Companion wa ku Sweden. Ndipo phiri la Mulanje ndi nkhalango yotetezedwa, kusaka n'koletsedwa, kusema mkungudza n'koletsedwanso.

Kwa otolera, chosangalatsa ndi manambala. Alipo kuyambira No. 2, wa chitsulo chotalika masentimita 3.5, kukafika No. 13, wa masentimita 22, koma No. 1 ndi No. 11 anasiya kupangidwa kalekale, choncho musavutike kuwafunafuna pakati pa atsopano. Mphete yokhomera imayambira pa No. 6. Posinthana ndi anzanu, yang'anani chizindikiro cha dzanja lokhala ndi chisoti chachifumu pachitsulo, onani ngati zilembo zadindidwa mooneka bwino, gwedezani chitsulo uku ndi uku mphete ili yokhoma, ndipo suzumirani pansi pa kolala ngati muli dzimbiri. Posunga, musaisiye m'zikwama zachikopa, chikopa chimasunga chinyezi. Ipakeni mafuta, muyiike m'kabokosi kotseka bwino pamodzi ndi timapaketi ta silica gel tomwe timabwera m'mabokosi a nsapato, ndipo nyengo ya mvula ndi ya chiperoni muziitsegula kamodzi pamwezi kuti muone ngati palibe wayamba kufiira.